Fungo la M'chikhakha

Ntchentche ndi zimene zinayamba kudziwa. Lyford Shaba anazipeza Loweruka masana akuchokera kudimba, zitaunjikana pachikhakha cha mwana wake, pamunsi pa bondo, pamene pulasitala yoyera ija inali itathimbirira ngati patayikira tiyi. Lusungu anali pamphasa pakhonde, mwendo atautambasula, akutongola chimanga m'lichero. Lyford anazikupiza ndi chipewa. Zinauluka, n'kubwereranso pamalo omwewo.

"Ukumva kupweteka?"

"Ayi, adada."

Anawerama ngati akufuna kutola chitsononkho, n'kununkhiza. Silinali fungo la thukuta kapena la litsiro. Linali longa la nyama imene yakhalitsa padzuwa. Anaweramuka, anakakoleka chipewa pamsomali, kenako anakasamba m'manja ngakhale kuti sanagwire kanthu.

Lusungu anali ndi zaka khumi. Miyendo yake inayamba kupindika atangophunzira kuyenda. Anthu ankati ndi matewe chabe, adzawongoka okha, ndipo wamanzere unawongokadi. Wamanja ndi umene unkangopitirira: bondo linkathawira kunja, phazi n'kumalowa mkati. Mwanayo sankadandaula. Ankathamanga, ankasewera fulaye, mumtengo wa mango ankafika pamene anyamata ankaopa. Kungoti akayenda mtunda wautali, monga ulendo wakuchigayo ku Manyamula, madzulo ankangokhala chete atagwira bondo. Kusukulu ana ena ankamutcha Chikwakwa.

Amene anakakamira za opareshoni anali amake, Kezia, amene Lyford ankamutcha NyaTembo. Kezia anali ku Joni, kumene ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo mwana wake ankangomuonera pafoni.

"A Shaba, mwana wamkazi ameneyu," ankatero. "Lero akuseka, koma mawa akula. Mwendo umenewo amawongola. Ndawaona ana kuno, amachira bwino chomene."

Lyford sanakane, komanso sanavomere ndi mtima wonse. Anangoyamba kuyenda: kuchipatala chapafupi, kenako ku Boma, kenako kuchipatala china chachikulu cha mumzinda kumene madokotala a mafupa ankawongola miyendo ya ana. Kumeneko anamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse, mosabisa. Anati mwendowo ukasiyidwa udzapitirira kupindika ndipo bondo lidzatha msanga. Anati adzadula fupa pamunsi pa bondo, adzaliwongola, n'kulimanga ndi kachitsulo ndi misomali. Ana ambiri amachira popanda vuto, koma alipo ena ochepa amene bala lawo limalowa tizilombo, makamaka ana owonda ndi operewera magazi, ndipo Lusungu anali wowonda. Anapatsa mwanayo mankhwala owonjezera magazi n'kumuuza Lyford kuti adikire kaye. Tsiku litakwana, opareshoni inachitika, ndipo inayenda bwino. Powatulutsa, namwino anabwerezanso: mwana akatentha thupi, chikhakha chikayamba kununkha kapena kunyowa, zala zikatupa, musadikire tsiku limene takupatsani, thamangani naye.

Mawu amenewa Lyford ankawakumbukira onse pamene ankapukuta m'manja Loweruka lija. Ankakumbukiranso kuti Lachinayi mwanayo anatentha thupi, iye n'kuganiza kuti ndi malungo, ndipo wazaumoyo wa m'mudzi atamuyeza sanamupeze nawo. Zonse zinali m'mutu mwake, zolongosoka bwino, koma zinkamveka ngati wayilesi imene ikulira m'nyumba ya eni.

Dzuwa litapendeka Kezia anaimba, monga ankachitira Loweruka lililonse. Lyford anapatsa mwana foni.

"Lusu wanga! Uli uli? Mwendo uli bwanji?"

"Uli bwino, amama."

"Tandionetsa chikhakhacho."

Lusungu analozetsa foni kuphazi, kumene pulasitala inali yoyera ndipo anzake anali atalembapo mayina awo ndi bolopeni. Kubondo sanafikeko. Lyford anaona zimenezo, ndipo naye atalandira foni anakamba za tomato wa kudimba amene anagwidwa ndi chiwawu.

M'mawa mwake sanapite kutchalitchi. Anayala chitenje pakaliyala wa njinga, anamukweza mwana, mwendo wa chikhakha n'kuumangirira pathabwa, ndipo anakankha njingayo mpaka pa Manyamula chifukwa ankaopa kupalasa m'mabampu. Kumeneko anapeza kagalimoto kopita ku Boma. Munali mothina. Asanapite patali, mayi wina amene anakhala pafupi nawo anakoka nsonga ya chitenje n'kutseka mphuno. Mnyamata wina kumbuyo anapempha kuti atsitse galasi ngakhale kunali fumbi. Lusungu anayang'ana panja njira yonse, ndipo Lyford ankamva kutentha kwa thupi lake kukudutsa malaya mpaka kumufika pachifuwa.

Kuchipatala cha pa Boma anawalandira a Chisale, dokotala woona za mafupa, bambo wamfupi wochokera m'chigawo chapakati amene sankayankhula Chitumbuka. Anangonunkhiza kamodzi n'kuitanitsa macheka amagetsi.

"Usaope, mwanawe. Amangochita phokoso, sadula munthu," anatero. "Bambo, mugwireni mapewa."

Macheka analira, fumbi loyera linabuka, ndipo chikhakha chinatseguka pakati ngati khoko la nyemba. Thonje la mkati linali lobiriwira, lomatirira pakhungu. Atalichotsa, bala linaonekera. Ulusi wina unali utamasuka, milomo ya bala inali yotupa ndi yofiira, ndipo a Chisale atangosindikiza pambali ndi chala, mafinya anatuluka n'kuyenderera mpaka kukatumba. Namwino anatembenuza nkhope pang'ono. Lusungu analira kamodzi kokha, kenako analuma kolala ya diresi lake.

Lyford anayang'ana zonsezo. Ankayembekeza kuti mtima umudumpha, kapena miyendo imufooka, koma sizinachitike. Chimene anaona n'chakuti mwendo unali wowongoka. Kuyambira pabondo mpaka pachidendene unali mzere umodzi, monga wamanzere. Chiyambire kuyenda mwanayo, anali asanauone chonchi. Anauyang'anitsitsa mpaka a Chisale anamugwira pamkono.

"Bambo, mukundimva? Ndikuti tiyenera kulowa naye kufiyeta lero lomwe, tikatsuke balali mkati. Ndikufuna ndione ngati zafika pachitsulo."

"Yewo."

"Mwamvetsa zimene ndanena?"

"Ndamva. Mukatsuke."

Zinali zitafika pachitsulo. A Chisale anamuuza zimenezi pakhonde la wodi ya ana, Lusungu akadali m'tulo ta mankhwala, diripi ikudontha pamkono. Anati anali atayankhulana pafoni ndi madokotala amene anachita opareshoni ija, ndipo anagwirizana chimodzi. Chitsulocho sakanachichotsa tsopano, chifukwa fupa linali lisanalumikizane ndipo mwendo ukanapindikanso, mwinanso kuposa kale. Koma tizilombo timakonda kubisala pachitsulo, pamene mankhwala safika bwino. Choncho adzamupatsa mankhwala amphamvu a mumtsempha, adzatsuka balalo mobwerezabwereza, n'kudikira kuti fupa ligwire. Likadzagwira, adzachichotsa.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?" anafunsa Lyford.

"Sindikunamizani, bambo. Si za masiku. Konzekani masabata, mwinanso miyezi."

Lyford anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kuti basi ichedwa.

Mwana wamkazi wa zaka khumi amafunika womusambitsa ndi womuperekeza kuchimbudzi, choncho Lyford anaitana mlongo wake Elube, amene anakwatiwa kufupi ndi Embangweni. Elube ankagona pansi pambali pa bedi, Lyford n'kumagona kushedi kumene odikirira odwala amaphikira. M'mawa uliwonse ankatunga madzi, ankachapa zitenje n'kuziyanika pawaya, ankapita kumsika kukagula mazira ndi usipa chifukwa anamwino anati mwana adye zomanga thupi. Nthawi yotsuka bala ikakwana, Elube ankatuluka panja atatseka makutu. Amene ankatsala kugwira mwana anali Lyford. Ankamupanikiza mapewa, maso ali pakhoma pamene utoto unasupuka, mpaka namwino atanena kuti basi.

"Adumbu, mtima wanu ndi wamwala?" Elube anafunsa mlongo wakeyo tsiku lina. "Mwana akulira chonchija inu osaphethira n'komwe?"

"Nanga ndikamusiya amugwira ndani?"

Iye mwini Lyford ankadabwa nazo. Chakudya ankadya koma sankamva mchere. Anthu a kwawo akabwera kudzazonda n'kumamuuza kuti mbuzi zalowa kudimba, tomato yense watha, ankangoti "oho," ngati dimbalo ndi la munthu wina. Chizimalupsa chinagwa ali pakhonde la chipatala. Amuna ena amene ankadikirira odwala anayamba kudandaula za mizere yosalima ndi mbewu yosagula. Iye anangosuntha nsapato zake kuti zisanyowe.

Kezia anali asanadziwebe. Loweruka loyamba Lyford anamuuza kuti abwera ku Boma kudzaonetsa mwendo. Loweruka lachiwiri anati netiweki ikuvuta, aimbe popanda chithunzi. Sanali ndi cholinga chobisa mpaka kalekale. Tsiku lililonse ankati amuuza mawa, ndipo mawa likafika mawu sankabwera. Amene anaulula anali Elube, Lyford ali kumsika. Pobwera anapeza foni ikulira m'manja mwa mlongo wakeyo.

"Ndawauza," anatero Elube. "Ndi mayi wake wa mwana. Landirani."

Lyford anapita nayo kuseri kwa wodi, pansi pa mtengo wa bulugamu.

"A Shaba! Mwana wanga akuwola mwendo inu mukundiuza za netiweki?" anatero Kezia. "Munali kuti? Munkayang'ana chiyani? Anakuuzani kuti mukaona chachilendo muthamange naye. Munadikira chiyani?"

"Ndinabwera naye, NyaTembo."

"Mutadikira mpaka anunkhe!"

Analira, anakalipa, kenako anayamba kudzitukwana yekha. Anati ndi iyeyo amene anakakamiza, mwana ankadziyendera, ankadzithamangira, iye n'kumutumiza kumpeni ali kutali. Lyford anamvetsera. Patsogolo pake nyerere zinkakoka phiko la ngumbi kulowa nalo kuuna, ndipo anazitsatira ndi maso.

"Mulipo?"

"Ndilipo."

"Ndibwere?" Anafunsa motsitsa mawu. Onse awiri ankadziwa tanthauzo la funsolo. Masiku a papasipoti ya Kezia anatha kalekale. Akanangodutsa pachipata cha m'malire, kubwereranso ku Joni kukanavuta, ndipo ntchito ikanathera pomwepo. "A Shaba, ndiuzeni. Mukati bwera, mbwenu ndikwera basi."

Lyford anafunafuna mumtima mwake kuti aone chimene akufuna. Sanapezemo kanthu.

"Kaya," anatero.

Foni inaduka. Kezia sanabwere. Kuyambira tsiku limenelo ankaimba m'mawa ndi madzulo, koma pafoni ya Elube. Ankayankhula ndi mwana, ankamuimbira nyimbo za kwaya, ankafunsa Elube za mtundu wa mafinya. Akafuna Lyford, zinkangokhala za mankhwala ndi zimene dokotala wanena.

A Chisale analowanso ndi Lusungu kufiyeta, kenako analowanso. Kutentha thupi kunasiya. Mafinya anachepa, koma panatsala kabowo kakang'ono pansi pa bala kamene kankangochucha madzi. Lusungu anawonda kwambiri, maso n'kukula. Ana ena ankabwera ndi malungo kapena chibayo, n'kuchira, n'kupita, iye ali pabedi lomwelo pafupi ndi zenera. Anasiya kufunsa za kusukulu.

Masana ena Elube atapita kukaphika, Lyford anakhala pambali pa bedi akusenda lalanje. Lusungu anayankhula maso ali kudenga.

"Adada, ndinkalowetsa udzu."

"Udzu uti?"

"M'chikhakha. Munkayabwa chomene. Ndinkasolola udzu wa padenga la khitchini n'kumakanda mkati, inu mukapita kudimba. Anamwino anati ndisalowetse kanthu. Ndine ndadwalitsa mwendo. Musawauze amama."

Lyford anayang'ana lalanje limene linali m'manja mwake. Ankadziwa kuti apa bambo ayenera kunena mawu, mwina kumugwira mwana mutu, koma mawuwo sanawapeze. Anagawa lalanjelo n'kumupatsa chidutswa. Mwanayo analandira koma sanadye.

M'mawa mwake a Chisale akuyendera odwala, Lyford anaimirira.

"Adokotala, ndifunse nawo. Tizilomboti tinalowa bwanji? Munthu akamakanda mkati mwa chikhakha ndi udzu, ndiye kuti n'zimenezo?"

Lusungu anakoka chitenje mpaka pamphuno. A Chisale anayang'ana bambo, anayang'ana mwana, kenako anakhala pansonga ya bedi.

"Kukanda ndi udzu si bwino, timaletsa," anatero. "Koma ana ambiri amene ndimawamasula chikhakha ndimapezamo udzu, timitengo, ngakhale zivindikiro za bolopeni, mabala awo ali bwinobwino. Ndaonanso ana amene sanakandepo n'kamodzi komwe, bala n'kuchita mafinya. Tizilombo tina timakhala pakhungu la munthu aliyense. Tikhoza kulowa tsiku la opareshoni lenilenilo, ngakhale titasamala chotani. Tikhoza kulowa pambuyo pake. Pamene pali chitsulo, ndiponso mwana akakhala wochepa magazi, mpata umakula. Kuti ndinene kuti ndi ichi, ndingakunamizeni. Sindikudziwa, ndipo palibe amene adzadziwe."

"Nanga ndikanabwera naye Lachinayi lija, atangotentha thupi?"

"Zikanathandiza. Kufulumira kumathandiza nthawi zonse. Koma ngati zikanaletsa kufika pachitsulo, zimenezonso sindingalumbire." Anagwira chala chachikulu cha kuphazi kwa Lusungu n'kuchigwedeza. "Iwe, mwendowu sitiudula. Wamva? Ukhala wako."

Atachoka, Lyford anati, "Wamva zimene anena adokotala."

"Ndamva."

Sanakambenso za udzu. Madzulo ake mwanayo anadya phala lonse.

Fupa linagwira mvula itakhazikika, chimanga cha anthu chitafika m'mawondo. Chithunzi cha ekisire chitaonetsa kuti lalumikizana, analowa naye kufiyeta komaliza n'kuchotsa chitsulo ndi misomali yake. Kabowo kaja kanauma pang'onopang'ono mpaka kanatsekeka. Panatsala chipsera chachitali, chokhuthala, cholowa mkati chapakati. Mwendo unali wowongoka, koma bondo, chifukwa chokhalitsa osapinda, linkangofika theka n'kuima. Anamuphunzitsa mafizo oti azichita kunyumba. A Chisale anati bondolo likhoza kumasuka ndithu akalimbikira, koma mwina silidzafika pamene linali. Anatinso matenda a m'fupa nthawi zina amagona zaka n'kudzukanso, choncho pachipserapo pakadzatupa kapena kutentha, ngakhale ali wamkulu, adzathamangire kuchipatala.

"Yewo chomene," anatero Lyford.

Elube anabwerera kwa mwamuna wake. Bambo ndi mwana anafika kwawo n'kupeza udzu utamera mpaka pakhomo, munda uli thengo. Achibale anali atamudzalirako kachigawo kakang'ono ka kumunsi, kwinako kunali chisoso ndi bonongwe. Lyford anatenga khasu tsiku lotsatira n'kuyamba kupalira kachigawoko. M'mawa ndi madzulo ankamukhazika Lusungu pampando, n'kumakankha mwendo pang'onopang'ono kuti bondo lipinde, mpaka mwanayo atamenya mpando ndi chikhato kuti basi. Pamphasa Lusungu ankakhala mwendo umodzi uli tambalale. Kugwada sankatha, ndipo akamapereka madzi kwa alendo ankangowerama.

Kezia anatumiza katundu kudzera kwa munthu wa kwawo amene ankachokera ku Joni. Munali nsapato zakusukulu, mafuta opaka pachipsera, ndi jekete la Lyford. M'thumba la jeketelo munalibe uthenga uliwonse. Analiyesa, linamukwana, analipinda n'kuliika m'sutikesi.

Lusungu anabwerera kusukulu teremu ili pakati. Anzake anali atapita kutsogolo, ndipo aphunzitsi anati abwereze kalasi. Tsiku loyamba Lyford anamukweza panjinga. Atatsala pang'ono kufika, pamene msewu umakhotera kubwalo la mpira, mwanayo anamugwira malaya.

"Ndisiyeni pano, adada."

"Sitinafike."

"Ndiyenda."

Anamutsitsa. Lusungu anakokera sokosi m'mwamba, koma sinafike pachipsera. Anaisiya. Anakonza chikwama kumsana n'kuyamba kuyenda, wopanda ndodo, mwendo wamanja ukuponda mowongoka koma mouma, ngati ukuchedwa pang'ono kutsatira unzake. Atsikana awiri anamuona n'kuthamangira kudzamulandira chikwama. Wina anawerama kuti aone chipseracho, ndipo Lusungu anaima n'kumulola.

Lyford anakhala atagwira njinga mpaka belu linalira ndipo ana onse analowa. Anadikirabe pang'ono pamsewu wopanda anthu, kuti mwina amva kanthu, chimwemwe kapena chisoni. Kumadzulo kunkachita mdima wa mvula. Anatembenuza njinga n'kupalasa kubwerera kumunda.